Chaka Chimene Amayi Adaphunziranso Kudzuka

Ndikukumbukira chaka chimene ndidali ndi zaka khumi ndi zitatu, chifukwa ndi chaka chimene nyumba yathu idasiya kununkhira anyezi n'kuyamba kumveka fungo la mankhwala. Tinkakhala kumudzi kwa abambo, kamtunda pang'ono kuchokera pamsika wa Lizulu. Amayi, amene anthu ankawaitana ndi chiwongo chawo kuti Nangozo, kwawo kudali ku Kandeu, ndipo kwathuko adabwera pa chitengwa. Ankagulitsa kabichi ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu. Adali munthu wamfupi, wojintcha, woti akasenza dengu lodzaza ankakwera nalo chitunda cha kwathu akucheza ndi anzawo, osaima n'kamodzi komwe kuti apume.

Tsiku lina lole yodzatenga mbatatesi, pobwerera m'mbuyo, idawapanikiza pamulu wa matumba. Ine ndidali kusukulu, ndipo pofika pamsika ndidangopeza kabichi wawo atamwazika m'matope, amayi anzawo akumutola osandiyang'ana kumaso. M'chipatala adakhalamo nthawi yaitali. Tidamva kuti fupa la m'chiuno lidathyoka pamene mwendo wakumanzere umalumikizana ndi thupi, ndipo madokotala adaikamo chitsulo. Adabwerako chisanu chitayamba, nthawi imene nkhungu imakuta mapiri a kwathu mpaka dzuwa litakwera. Abambo adawatsitsa m'galimoto atawanyamula m'manja.

Ine ndidali mwana woyamba komanso wamkazi, choncho ntchito yowasambitsa idagwera ine. Tsiku loyamba nditawatembenuza kuti ndiwapukute kumsana, ndidaima ndi kansalu m'manja. Thako lakumanzere lidali litaphwa. Khungu linkangolendewera ngati thumba lokhuthulidwa, ndipo ntchafu idali itaonda moti ndikadatha kuizunguliza ndi manja anga awiri. Amayi adamva kuti dzanja langa laima.

"Waona chiyani, Esinati?" adandifunsa, nkhope ili kukhoma.

"Palibe, amayi. Madziwa azizira."

Chimene chinkandiopsa chidali pafupi. Kuseri kwa khola lathu kudali nyumba ya a Chimwaza, bambo wachikulire amene adagwa pangolo zaka zingapo m'mbuyomo n'kuthyoka fupa lomwelo. Akulu ankati pa unyamata wawo padalibe wovina ngoma wowaposa; akaponda pansi, fumbi linkafika m'chiuno. Koma ine ndidali nditaiwala kale maonekedwe awo ali chilili. Chibwerere kuchipatala adagona, ndipo sadadzukenso. Zenera la chipinda chawo adalitseka ndi katoni. Ukamadutsa pamenepo kupita kuchitsime unkamva fungo lolemera, longa la mbatatesi yowolera pansi pa thumba, kenako mawu opyapyala ochokera mkati: "Ndani akudutsa uko? Tandiuzani, kunja kwacha bwanji?" Anafe tinkathamanga osayankha. Koma nditaona thako la amayi, ndidayamba kumayenda pang'onopang'ono ndikafika pazenera limenelo.

Patapita masabata angapo tidabwerera nawo kuchipatala kuti akawaone, ndipo adatitumiza kuchipinda cha mafizo, kumene amaphunzitsa odwala kulimbitsa minofu. Kumeneko tidapeza mayi wamtali, wosakweza mawu, amene dzina lake sindilikumbuka. Adayang'ana chithunzi cha fupa nati lagwirana bwino. Kenako adawagoneka amayi pabedi, natenga dzanja langa n'kuliika pathako lophwa lija.

"Mwendo suyenda wokha," adatero. "Chimene chimamudzutsa munthu pampando, chimene chimamukweza chitunda, ndi mnofu uwu pamodzi ndi inzake ya m'mbali mwa chiuno. Wagona nthawi yaitali, ndiye wayamba kuiwala ntchito. Tikausiya miyezi ikubwerayi, udzaiwaliratu."

Adationetsa zoti tizikachita kunyumba. Amayi agone chagada, apinde mawondo, zidendene zikanikize pansi, alimbitse matako n'kukweza chiuno m'mwamba, kenako achitsitse pang'onopang'ono. Agonenso cham'mbali n'kumakweza mwendo wodwalawo osaupinda. Zimenezi zikayamba kutheka, azikhala pampando n'kumadzuka, osadzigwetsa pokhalapo. Adati minofu idzawawa ndipo idzanjenjemera, zimenezo tisaope. Koma ululu ukakhala wobaya mkati mwa fupa, tisiye n'kubwera msanga. Potuluka adandikokera pambali.

"Iwe ntchito yako ndi kuyang'anira kuti asagwe. Si kuwanyamula ayi. Wamva?"

Ndidavomera, koma sindidamvetse chimene ankatanthauza.

Tidayamba m'mawa mwake, abambo atapita kumsika kumene ankapakira matumba m'malole. Ndidayala mphasa pabalaza. Amayi adapinda mawondo, adaluma mano, mitsempha ya m'khosi idatuluka, koma chiuno chidangosuntha pang'ono, mpata woti chala changa chokha n'kulowa pansi pake. Thukuta lidatsika ngakhale kunja kudali chisanu choluma zala. Pokweza mwendo cham'mbali ndiye misozi idatuluka, koma mawu osamveka. Tidachita choncho masiku angapo, ndipo sindinkaona kusintha kulikonse kupatula kuti madzulo ankabuula kwambiri.

Tsiku lina tili mkati mochita zimenezi, chitseko chidatseguka. Adali azakhali, a Nandau, mlongo wawo wamkulu wa abambo. Chichitikire ngozi ija, iwo ndi amene ankatiphikira, kutichapira, ndi kulera mlongo wanga wamng'ono, ndipo mawu awo pamudzipo ankamveka kuposa a abambo. Adaima pakhomo ndi mbale ya phala m'manja, akuyang'ana amayi ali chagada, chitenje chitakwera, chiuno chili m'mwamba, ine nditagwada pambali.

"Alamu, n'chiyani chimenechi?" adafunsa motsitsa mawu. "Pamaso pa mwana? Mwana woti sanavinidwe n'komwe?"

"Ndi zimene atiuza kuchipatala, alamu."

"Akuchipatala akuuzani kuti muzidikula mwana akuonerera? Fupa lothyoka limafuna kupuma. Mulithyolanso limeneli, ndiye muziti pamudzi pano pali wokulodzani."

Adaika phala pansi n'kutuluka. Pofika madzulo nkhaniyo idali itafika kuchitsime. Amayi ena ankasiya kuyankhula ndikafika, ndipo mtsikana wina wa m'kalasi mwathu adandifunsa akuseka ngati ndamaliza maphunziro a kuchipinda. Sindidawauze amayi, koma adadziwa, poti anzawo a kumpingo obwera kudzawazonda ankangokhala pang'ono, maso ali pamphasa ija.

Sabata lomwelo ndidamva azakhali akuyankhula ndi abambo pakhonde. Sankakalipa. Ankayankhula ngati munthu amene waganiza kale zonse. Adati iwo atopa, nawonso ali ndi munda ndi ana. Adati mvula yobzalira ikadzagwa mlamu wawo asanayambe kuyenda, adzayenera kubwerera ku Kandeu kuti abale ake akamusamale. Ana adzatsala kuno kwa bambo wawo, ndipo ine ndidzasiya sukulu kuti ndisunge nyumba. Ndidadikira kuti abambo akane. Ndidangowamva akukhosomola, kenako akupala matope kunsapato ndi kamtengo.

Amayi adasiya zolimbitsa thupi zija. Sadanene kuti asiya. Ankangoti lero mwendo ukuwawa, mawa mutu, mkuja kukuzizira. Ine mtima udakhala pansi, chifukwa sindinkapirira kuwaona akulira. Ndidaika mphamvu zanga zonse powasamala. Akafuna madzi, kapu inkafika asanamalize kunena. Akafuna kutembenuka, ndinkawatembenuza. Ndinkalowetsa manja m'khwapa mwawo n'kuwakhazika, kuwatsamiritsa kukhoma, kuwabweretsera kachidebe kuti asavutike ndi ulendo wa kuchimbudzi. Abambo akaweruka ankawanyamula kukawaika padzuwa la madzulo. Anthu ankandiyamikira. "Mwana uyu ndi wachifundo," ankatero azakhali, ndipo ndinkamva kukoma.

Madzulo ena ndikuchokera kuchitsime, mawu a m'nyumba ya a Chimwaza adaitana monga mwa nthawi zonse, ndipo ulendo umenewu ndidaima. Ndidatula ndowa n'kuyandikira zenera. Pakona ya katoni padali kabowo, koma mkati mudali mdima wokhawokha.

"Ndine Esinati, agogo, mwana wa a Ndau."

"Oo, wa Nangozo. Amako ayamba kuponda pansi?"

"Ayi, akupuma kaye."

Ndidamva kakuseka kouma kamene kadasanduka chifuwa.

"Nanenso ndinkapuma kaye," adatero. "Pita, mwanawe, kungakudere."

Amayi ankapepukirapepukira. Tsiku ndi tsiku kuwakhazika kunkaphweka, ndipo ndinkadziwa kuti si ine amene ndikukula mphamvu. Ndodo zoyendera zimene adatipatsa kuchipatala zidatsamira kuseri kwa chitseko mpaka kangaude adamangapo. Kenako, mphepo ya fumbi itayamba, ndidapeza kabala kofiira kumunsi kwa msana wawo, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo. Ndidakatsuka n'kukapaka mafuta. Patapita masiku kadatseguka n'kuyamba kuchucha. M'mawa wina polowa m'chipinda mwawo ndidamva fungo, lochepa kwambiri, loti mlendo sakadalizindikira. Ine ndidalizindikira, chifukwa pazenera la katoni paja ndinkadutsapo tsiku lililonse.

A Chimwaza adamwalira mwezi womwewo. Ndidapita kusiwa kukathandiza kutunga madzi, ndipo kuseri kwa nyumba ndidamva azibambo amene adasambitsa thupi akunong'onezana kuti lidali lopepuka ngati la mwana, ndi kuti kumsana kudalibe malo abwino ogwira. Tsiku loika, anzawo akale adabwera ndi zishango ndi zibonga kudzawavinira ngoma yotsanzikana. Ankaimba ndi mawu otsika m'chiyankhulo chakale chimene anafe sitinkachimva, n'kumaponda pansi onse pamodzi. Mdidiwo unkalowa m'nthaka n'kukwera m'miyendo ya aliyense woima pafupi. Ndidakumbuka kuti amayi ali okha, ndi kuti nyumba yathu ili pafupi moti akumva zonse. Ndidasiya ndowa pomwepo n'kuthamangira kunyumba.

Ndidawapeza pansi, pakati pa chipinda ndi pabalaza. Adali atadzikhwekhwereza kuchoka pamatiresi, chitenje chitanyowa, chigongono chitasupuka. Ankapuma mofulumira ngati nkhuku yothamangitsidwa. Ndidafuula n'kuwerama kuti ndilowetse manja m'khwapa monga mwa masiku onse.

"Usandigwire!"

Amayi adali asanandikalipirepo ndi mawu otero. Ndidayesanso, ndipo adandimenya padzanja, mwamphamvu ndithu.

"Ndati usandigwire. Kokera mpando uwo pafupi, ukaime pakhomo. Manja uike kumbuyo."

Ndidachita zimene adanena. Ndidaima pakhomo, dzanja lina litagwira linzake kumbuyo, ndikulira. Kunja ngoma inkapitirira, ndipo madzi a mumtsuko wa pakona ankanjenjemera pa mdidi uliwonse. Amayi adagubudukira kumbali yabwino, nakoka bondo, nagwira mwendo wa mpando. Adadzikoka mpaka chifuwa chidafika pampandopo, kenako mwendo wodwala udakana, ndipo adaterereka n'kugwa ndi phewa. Adagona pomwepo nthawi yaitali maso ali kudenga, moti ndidayamba kuopa kuti chitsulo chija chasuntha. Kenako adayambanso. Adagwanso. Sindikudziwa kuti zidatenga nthawi yaitali bwanji; ndikungodziwa kuti pamene ankakhala pampandopo, nyimbo zidali zitapita kutali, kulowera kumanda.

Adapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, nandiyang'ana.

"Fungo lija ndikulimva nanenso," adatero. "Ukuganiza kuti mphuno zanganso zinathyoka? Manja ako ndi abwino, mwanangu, koma akunditengera kumene apita a Chimwaza. Kuyambira lero ukandinyamula, ndiye kuti sundifuna. Bweretsa mphasa ija."

Madzulo abambo atabwera kuchokera kumanda adawapeza akukwawira kuchipinda, ndipo adawerama kuti awanyamule.

"Ndau, ndisiyeni," adatero amayi. "Mukafuna kundithandiza, ndipatseni ndodo zanga."

"Nangozo, anthu aziti chiyani, ine ndili pano, inu mukukwawa?"

"Aziti akukwawa. Amene mwakamuika lero uja sankakwawa."

Abambo adapita kuseri kwa chitseko kukapukuta ndodo zija.

Tidayambiranso, ndipo ulendo uno zidali zovuta kuposa poyamba chifukwa mnofu udali utatheratu. Masiku oyamba tinkatseka chitseko ndi mpiringidzo. Kabala kaja tidakakaonetsa kuchipatala, adatipatsa mankhwala n'kutiuza kuti amayi asamagonere mbali imodzi. Ntchito yanga tsopano idali ya maso ndi pakamwa. Ndinkawauza bondo likamagwera mkati, ndinkawauza akamakwezera msana m'malo mwa matako, ndipo akati atopa ndinkati, "Kamodzinso, amayi." Ankandiyang'ana ngati andilume, koma ankakweza. Pang'onopang'ono pansi pa chiuno padayamba kulowa chikhatho, kenako chibakera.

Mayi wa mafizo uja atawaonanso adatiwonjezera zina. Abambo adadula chubu chakale cha njinga, ndipo tinkachimanga mozungulira mawondo kuti amayi azilimbana nacho potsegula miyendo. Ine ndidasoka kathumba ka mchenga koika m'munsi mwa mimba pokweza chiuno. Kenako abambo adakadula mitengo ya bulugamu n'kuimanga mopingasa m'mbali mwa khonde, kuti amayi azigwira pophunzira kunyonyomala ndi kukwera sitepe. Khonde lili panja, choncho zobisa zidathera pomwepo. Odutsa ankayang'ana, amayi n'kumawapatsa moni ali pakati potsika, mawu akunjenjemera pamodzi ndi ntchafu.

Sizidayende mowongoka ayi. M'mawa wina pokwera sitepe adakuwa n'kudzigwira m'chiuno, nkhope itatuwa. Adati china chake chawabaya mkati. Tidawakweza galimoto ya matola ulendo wa kuchipatala, ine njira yonse mawu a azakhali akulira m'makutu mwanga. Atawajambula adati chitsulo chili m'malo mwake, koma amayi afulumira kwambiri, abwerere kaye ku zopepuka. Adakwiya ngati munthu wolandidwa munda, chifukwa nthawi inkatha. Anthu adali atamaliza kuunga mizere, kutentha kudafika poti malata ankalira masana, ndipo madzulo aliwonse mitambo yakuda inkaunjikana cha ku Mozambique, mabingu akugunda patali osafika. Azakhali adasiya kulowa m'nyumba mwathu. Ankangoima panjira kuyang'ana kumwamba, kenako kuyang'ana khonde lathu.

Mvula yoyamba idagwa masana, yamphamvu, yonunkhira dothi, ndipo idagwanso mawa lake. Lamlungu titangoweruka kutchalitchi ndidaona amalume, mlongo wawo wa amayi wa ku Kandeu, akutsika panjinga yamoto pabwalo pathu. Azakhali adali atawatumizira uthenga. Adawayalira mkeka pansi pa mtengo wa pichesi, abambo adakhala pampando chapambali mutu uli pansi, ndipo anthu ena a pamudzi adayamba kupeza zifukwa zodutsira pamenepo. Amalume adabwera ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu, cholongeramo zovala za mlongo wawo.

"Esinati, kawatenge amako," adatero azakhali. "Uwagwirizize bwino, pansi pakuterera."

Ndidalowa m'nyumba. Amayi adali atavala kale chitenje cha kumpingo, atamanga duku. Adatenga ndodo imodzi yokha. Ndidayenda pambuyo pawo osawakhudza, ndikuona mwendo wakumanzere ukunjenjemera potsika sitepe. Pabwalo padali matope, ndipo ndodo inkamira n'kutuluka movutikira. Ankatsimphina, thupi likupendekera kumanzere, koma ankayenda.

Atafika pamkeka, abambo adadzuka msanga kuti awapatse mpando. Amayi adapukusa mutu. Kwathu mkazi sapereka moni kwa akulu ali chilili, ndipo ndidazindikira chimene akufuna kuchita. Koma kugwada tidali tisanayesepo popanda mtengo wogwira. Adagoneka ndodo pansi. Adabweza chiuno m'mbuyo monga ankachitira pakhonde, natsika pang'onopang'ono mpaka bondo limodzi lidakhudza mkeka, kenako linalo. Adaomba m'manja mwaulemu.

"Mwafika, achimwene? Kunyumba mwasiyako bwanji? Alamu, mwaswera bwanji?"

Amalume adayankha moni, koma maso awo adali pa ndodo yogona pansi ija. Aliyense ankadziwa kuti kutsika si nkhani. Nkhani idali kudzuka. Moni utatha, amayi adaponda phazi lakumanja kutsogolo, naika manja pabondo. Adakankha, thupi lidakwera pang'ono, n'kuima panjira. Ntchafu inkagwedezeka moonekera kunja kwa chitenje. Abambo adatambasula dzanja. Ine, amene ndidali ndisanayankhulepo pamaso pa akulu osafunsidwa, ndidangomva mawu anga akutuluka.

"Asiyeni, ababa."

Adabweza dzanja. Amayi adatulutsa mpweya pakati pa mano, chiuno chidabwera kutsogolo, ndipo adaimirira. Adaima choncho kanthawi akupuma, kenako adandiuza kuti ndiwatolere ndodo, ndikatereke madzi a tiyi wa alendo.

Nkhani ya ku Kandeu sidatchulidwe tsiku limenelo, ndipo sidatchulidwenso. Amalume adamwa tiyi, nacheza za mbewu ndi feteleza, nabwerera dzuwa lisanalowe. Azakhali sadapepese, ndipo sindikuganiza kuti adaona chifukwa chopepesera; adali atatisunga miyezi yonse ija, ndipo mantha awo adali enieni. Amayinso sadachire kotheratu. Chaka chimenecho khasu sadaligwire. Ine ndidajomba teremu yonse kuti ndithandize kumunda, ndipo ndidabwereza kalasi. Dengu lodzaza sadalisenzenso mpaka lero. Koma nthawi yokolola adali atabwerera pamsika, akugulitsa atakhala pakampando, n'kumadzuka okha galimoto ikaima.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndimakhala m'tauni. Ndikamadutsa pamalo olimbitsira thupi ndimaona achinyamata atagona chagada zitsulo zili pachiuno, akukweza n'kutsitsa, ena akunyonyomala nazo paphewa, ambiri mwa iwo pofuna kuti thalauza liziwakhala bwino. Sindiwaseka. Ndimangodziwa kuti mnofu umene akuukometsawo ndi womwewo umene tsiku lina udzagamule ngati adzadzuka okha pampando kapena adzadikira wowadzutsa. Nanenso ndimachita zanga m'mawa, ana asanapite kusukulu.

Chimene ndidachedwa kumvetsa ndi mbali ya munthu woima pambali pa wodwala. Ndili mwana ndinkaganiza kuti kumukonda ndi kumuchotsera chilichonse cholemera. Tsopano ndikudziwa kuti manja amathamanga kunyamula chifukwa maso sakufuna kuona munthu wako akuvutika, ndi kuti pali thandizo lina limene kwa odutsa limaoneka ngati nkhanza. Limeneli ndi lovuta kupereka, ndipo palibe amene amakuyamikira nalo.

Amayi tsopano akalamba, imvi zili mbuu. Mwezi wathawu ndidawaperekeza kukakwera minibasi yobwerera ku Lizulu. Pokwerera padali patali, ndipo adaima pamenepo phazi limodzi lili m'mwamba, akusonkhanitsa mphamvu, anthu akudandaula kumbuyo. Kondakitala adandiyang'ana mokwiya.

"Asisi, simungawathandize agogowa? Mtima wanji umenewo?"

Ndidamuuza kuti adikire pang'ono. Ndidaima pafupi kwambiri, moti akadaterereka akadagwera pachifuwa panga, koma sindidawakhudze. Adakwera.